Madzi sakukwera m'dothi la m'zigubu zanga za tomato

Moni nonse m'gulu muno, makamaka alangizi ndi inu odziwa za nthaka.

Ndili ku Balaka. Ndinabzala tomato m'zigubu za malita 20 zodula pamwamba: pansi pali miyala ndi madzi, pamwamba dothi, ndiye pakati ndinaika nsalu yoti izikoka madzi monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini. Koma chinyezi chikungothera mmunsi, kumtunda kuli gwa, mbande zikufota.

Dothi lake ndi mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa ouma a ng'ombe. Ndikathira madzi pamwamba amangoima timadontho tozungulira, kenako n'kutsetserekera m'mbali mwa chigubu. Nsalu ya nayiloni ndinaichotsa n'kuika ya thonje, udzu ndinaphimbira, koma zangosintha pang'ono.

Ndikudziwa kuti madzi amakwera patali m'timipata ting'onoting'ono, n'chifukwa chake makande amaposa mchenga, ngakhale amakoka mochedwa. Tsono ndisakanize makande ochuluka bwanji kuti mizu isasowe mpweya? Ena akuti kadontho ka sopo kamathandiza madzi kulowa m'dothi louma, koma ine ndikukayika: kodi sopoyo safooketsanso mphamvu yomwe imakweza madziwo? Chonde ndithandizeni.