Kugula boti lakale la matanga uli ku Thyolo: ndiyang'ane chiyani?

Wa ku Bvumbwe:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za maboti. Ku Monkey Bay kuli boti la matanga limene mwini wake akugulitsa chifukwa akubwerera kwawo. Ndi la fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), lotalika mamita 8, linapangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo lili ndi chipinda chogonamo anthu anayi komanso injini yaing'ono ya dizilo. Mtengo wake ndi wotsika kuposa wa galimoto yakale, zimene zikundikopa komanso kundikayikitsa. Ine ndimagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, kotero kunyanja ndingamapiteko kamodzi pa mwezi basi. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama, nanga n'zotheka kusamala boti uli kutali chotere?

Makaniko wa ku Luchenza:
Bambo, choyamba musavomere kugula boti likadali pamadzi, pakuti matenda ake ambiri amabisala kunsi. Uzani mwini wakeyo kuti alitulutsire kumtunda, ndipo ngati akukana, kukanako kukhale yankho lanu. Fibreglass yakale ikakhalitsa m'madzi imatuluka matuza, chifukwa madzi amalowerera pang'onopang'ono kudutsa khungu lakunja. M'nyanja yathu yofunda ndi yopanda mchere vutoli limakula msanga kuposa kunyanja zamchere. Matuza ang'onoang'ono amangopalidwa, kuumitsidwa ndi kumatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, koma akakhala aakulu ndi otuluka madzi onunkha ngati viniga, ntchito yake ndi ya miyezi.

Mukatero kwerani pamwamba muyende paliponse opanda nsapato. Maboti ambiri a nthawi imeneyo ali ndi thabwa lopepuka pakati pa zigawo ziwiri za fibreglass, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti thabwalo limawola osaoneka. Pamene pakubonyoka pansi pa phazi, kapena pakulira mogontha mukagogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, pamenepo pawola, makamaka patsinde pa mlongoti. Onaninso mabawuti amene agwira keel, chitsulo cholemera cha kunsi chimene chimaletsa boti kugudubuzika. Dzimbiri kapena mng'alu polumikizira si nkhani yoti mudzaione m'tsogolo.

Funsani kuti mawaya ochirikiza mlongoti anasinthidwa liti. Nthawi zambiri amalangiza kuwasintha pakapita zaka 10 mpaka 15, ngakhale akuoneka owala, popeza amathyokera m'kati mwa mfundo za kumapeto. Injini sindikuiopa kwenikweni: dizilo wa boti ndi makina osavuta, bola muilize ili yozizira, muone ngati madzi akutuluka bwino ku ekizozi, ndi kusintha impeller ya pampu (kagudumu ka labala kokoka madzi oziziritsa injini) chaka chilichonse.

Mayi wa ku Chitakale:
Zimene anena a makaniko ndi zoona, koma kwa ine funso lanu lachiwiri ndi limene lili lalikulu. Kuchokera ku Thyolo kudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay ndi ulendo wopitirira makilomita 250, ndiye chingwe chikaduka usiku simungathamangireko. Banja lathu linakhalapo ndi boti lotere, ndipo ndalama zambiri sizinkapita ku zokonza ayi, zinkapita kwa mlonda ndi ku mafuta a galimoto. Mlondayo asakhale wongogona pagombe, koma munthu wa kunyanja wodziwa kukapa madzi a mvula, kuyang'ana unyolo wa nangula ndi kuliza injini sabata iliyonse kuti batire isafe.

Ganizirani bwino malo oliimika. Mwera umawomba mwamphamvu kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, makamaka June mpaka August, ndipo umautsa mafunde aafupiafupi amene amagwedeza boti usana ndi usiku mpaka zingwe kuperepeseka. Malo obisika ku mwera akhoza kukhala poyera mpoto ukayamba nyengo ya mvula. Nyanjanso imakwera ndi kutsika: mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, kotero unyolo uyenera kukhala ndi utali wotsala.

Matanga musamawasiye pamlongoti, chifukwa dzuwa la kunyanja limadya nsalu ndi ulusi. Komanso musawabweretse kuno ali achinyontho. Ndi chiperoni chathuchi adzachita chuku musanazindikire, ndipo makoswe amakonda kuswera m'matumba ake.

Kalipentala wa ku Likhubula:
Ine ndingowonjezera za matabwa a m'kati. Wina akhoza kukuuzani kuti mukonzere mkungudza, poti kale unkagwiritsidwa ntchito pokhoma maboti chifukwa suwola msanga. Musatero, bambo. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje ndipo kuudula n'koletsedwa, choncho thabwa lililonse latsopano limene angakugulitseni likhoza kukhala lakuba. Mlombwa wouma bwino umachita ntchito pa zitseko ndi mipando. Pa makoma a m'kati amene mawaya a mlongoti amamangirirako pamafunika marine plywood, pulayiwudi wopirira madzi. Pulayiwudi wamba wa m'sitolo amafundukuka akanyowa.

Wa ku Bvumbwe:
Zikomo kwambiri nonse. Mwini wake wavomera kulitulutsa, koma akuti mawaya sanasinthidwepo chigulireni. Kodi zipangizo zotere zimapezeka m'dziko muno? Nanga mapepala ofunika ndi ati?

Makaniko wa ku Luchenza:
Mawaya oyenera, epoxy, utoto wa kunsi ndi matanga atsopano ambiri amaitanitsa ku South Africa, ku Durban kapena Cape Town, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku muyembekeze kudikira, kuphatikizapo msonkho wa pachipata. Pezani mtengo wa mawaya onse musanakambirane, muuchotse pa mtengo wa botilo, ndipo musakweze matanga pa mwera asanasinthidwe. Za mapepala, maboti amalembetsedwa ndi kuyesedwa ndi Dipatimenti ya za Maulendo a Pamadzi, kotero pemphani chikalata cha kalembera chokhala ndi dzina la wogulitsayo, pamodzi ndi umboni woti botilo linalipiridwa msonkho polowa m'dziko. Mukapita kukaliona mutenge tochi, kagalasi koonera kuseri kwa injini, ndi munthu wa ku Monkey Bay komweko amene sali mnzake wa wogulitsa.