Thandizeni: bwanji radiation imapha maselo ena msanga kuposa ena?

Moni nonse m'gulu muno. Phunziro la radiation (cheza champhamvu monga X-ray ndi gamma) landikanika ndipo mayeso ayandikira.

Ndamvetsa kuti X-ray ndi gamma zimadula DNA (chinthu chosunga malangizo a chibadwa m'selo) mwachindunji, kapena zimaswa madzi a m'selo n'kupanga ma free radical (tizidutswa ta mamolekyu tosakhazikika) omwe amakawononga DNA yomweyo. Apo palibe vuto. Chandizunguza mutu n'chakuti maselo a mafuta a m'mafupa, a m'matumbo ndi a pakhungu amafa msanga, pomwe a muubongo amapirira. Manotsi ndawerenga kangapo, mavidiyo a pa YouTube ndaonera, anzanga ndafunsa, koma onse akungoti "amagawikana mofulumira", basi.

Kugawikanako kukugwirizana bwanji ndi DNA yodukayo? Nanga bwanji khansa yobwera chifukwa cha radiation imadzaonekera patapita zaka, osati pomwepo? Amene mukudziwa mundifotokozereko mosavuta, chonde.