Za degree apprenticeship ya IT ija: ndinayamba

Abale, chaka chatha ndinafunsa ngati ndi bwino kulowa degree apprenticeship (kuphunzira digiri uku ukugwira ntchito yolipidwa) ya IT pa kampani yaikulu kuno ku England, kapena kungopita ku yunivesite ngati anzanga. Ambiri munati ndilowe, ndipo ndinalowadi.

Za ndalama munanena zoona. Fizi sindilipira ine, imachokera ku apprenticeship levy, msonkho wa 0.5% ya malipiro a antchito womwe makampani olipira antchito awo onse pamodzi ndalama zoposa £3 miliyoni pachaka akhala akupereka kuyambira 2017. Malipiro ndimalandira mwezi ndi mwezi, ngongole ya sukulu ndilibe.

Chomwe sitinakambirane ndi kutopa. Masiku anayi ndimakhala pantchito, limodzi ndi la sukulu, koma aphunzitsi alibe nazo ntchito zoti server (kompyuta yaikulu ya kampani) inazima usiku, asayimenti amaifuna basi. Miyezi yoyambirira anandiika pa service desk, kothandiza antchito pa mavuto a makompyuta: ma password oiwalika, malaputopu okana kuyaka, tsiku lonse. Ena amainyoza ntchito imeneyi, komatu n'kumene munthu umadziwira yemwe amagwira chiyani pakampani. Pano ndili mu timu ya network. Ubwino wa kampani yaikulu ndi woti amakusinthasintha madipatimenti. Chotopetsa n'choti chilolezo cholowera mu sisitimu imodzi yokha umachidikira masabata, mabwana angapo asaine kaye.

Ena mwa inu munafunsa ngati ana ongofika kumene kuchokera ku Malawi angalowe nawo: kawirikawiri malamulo amafuna munthu amene wakhala ku UK zaka zitatu. Kumapeto kwa maphunziro kuli end-point assessment (mayeso otsiriza oona ngati ntchito waidziwa), ndipo abwana anga akuti ndiyambiretu kuganizira pulojekiti yake.