Mbewu ya nori imachokera kuti, nanga bwanji ina ndi yakuda ina yotuwa?

Kamtedza:
Akuluakulu, ndithandizeni za nori, ndere za m'nyanja zija anthu a ku Japan amakulungira mpunga popanga sushi ndi onigiri (timibulu ta mpunga). Ndere zilibe maluwa kapena njere, ndiye alimi amabzala chiyani? Komanso bwanji nori wina amakhala wakuda bii, wonyezimira, pomwe wina ndi wotuwa?

Nankhoma:
A Kamtedza, nkhani ya mbewuyi inasautsa alimi kwa zaka zambirimbiri. Kale ankangozika nsungwi ndi nthambi m'matope a m'mbali mwa nyanja n'kudikira kuti ndere zimere zokha, chaka china n'kuchuluka, china n'kusowa. Mu 1949, Kathleen Drew-Baker, katswiri wa ndere wa pa yunivesite ya Manchester ku England, anapeza kuti timaulusi tofiirira tomera m'kati mwa zigoba za nkhono, timene akatswiri ankati ndi chomera china chotchedwa Conchocelis, ndi nori yemweyo pa msinkhu wina. Mpaka pano alimi amamukumbukira pa 14 Epulo ku Uto, m'chigawo cha Kumamoto ku Japan, komwe anamumangira chipilala.

Masiku ano timaulusiti amatilera m'zigoba za oyster (mtundu wa nkhono za m'nyanja) zoikidwa m'matanki nyengo yonse yotentha. Mu Okutobala, madzi akazizira kufika pa madigiri 23, zigobazo zimatulutsa timbewu tosaoneka ndi maso, timene timamatirira pa ukonde wa mamita pafupifupi 18 m'litali ndi 1.8 m'lifupi. Ena amapachika zigoba m'timatumba kunsi kwa ukonde m'nyanja momwemo, ena amakulunga maukonde pa gudumu lalikulu lozungulira m'tanki. Amadula kachingwe n'kuwerenga timbewu pa maikulosikopu, chifukwa tikachulukitsa timaphana, tikachepa ndere zachabe zimalowerera.

Mwinimadzi:
Ndionjezere za kuyanika, pakuti apa ndi pamene ulimiwu umapindulira kapena kugwera. Ku nyanja ya Ariake, m'zigawo za Saga, Fukuoka ndi Kumamoto, madzi amatha kukwera ndi kuphwa mpaka mamita 6. Alimi amamanga maukonde pa mizati pa msinkhu woti madzi akaphwa, ukonde utsale m'mwamba kwa maola angapo. Nori amapirira kuuma, koma ndere zobiriwira ndi tizilombo ta matenda timafa. Ukonde ukakhalitsa m'madzi, makamaka kukatentha kapena mvula ikasungunula mchere, pamabwera matenda a akagusare: masamba amachita mawanga ofiira n'kuola. Mukaukweza kwambiri, nori amapinimbira. Kumadera akuya monga ku Hyogo maukonde amangoyandama, ndipo amawaviika m'madzi a asidi wofatsa kuti aphe zomera zosafunika.

Timasamba tikafika masentimita 2 kapena 3, maukonde ena amawazula, kuwaumitsa pang'ono ndi kuwasunga m'firiji yozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro. Oyamba akatopa kapena akadwala, amatulutsa osungidwawo, nori n'kudzukanso akangokhudza madzi. Kukolola kumayamba cha mu Novembala mpaka Malichi, ukonde umodzi kuumeta kangapo.

Nachuma:
Za mtundu, gwero lake ndi chakudya cha m'madzi, makamaka nayitirojeni wobwera ndi mitsinje. Mvula ikachepa, kapena tindere ting'onoting'ono toyandama tikachulukana n'kudya chakudyacho, nori amasuluka n'kukhala wachikasu. Ku Japan amati iroochi, ndipo zinawononga kwambiri zokolola za ku Ariake mu nyengo ya 2000 mpaka 2001. Nori wometedwa koyamba ndiye wofewa, wosungunuka m'kamwa, ndipo ndi wodula. Wometedwa mochedwa amalimba.

Akakolola amatsuka, kudula tizidutswa, kusakaniza ndi madzi opanda mchere, kuthira pa timphasa ndi kuumitsa m'makina. Pepala limodzi ndi masentimita 21 kwa 19, lolemera pafupifupi magalamu 3. Mukaliwamba pa moto wochepa kwa masekondi ochepa limasanduka lobiriwira, chifukwa utoto wofiira umatha ndi kutentha. Mdani wake ndi chinyezi: mukatsegula paketi, sungani m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi kathumba kaja kokoka chinyezi. Pokulunga, mbali yonyezimira ikhale kunja, yokhakhala ikhudze mpunga, ndipo onigiri mukulunge nthawi yodya kuti nori akhale wokhukhuta.