Makabati a kunyumba kwa Mayi aakulu ku Turffontein

Amalume: Ndakupatsani moni nonse. Monga tinagwirizana Lamulungu, chinkhoswe cha mwana wathu chidzachitikira kwa achemwali ku Turffontein, mumzinda wa Johannesburg, mu Disembala, ndipo khitchini momwe ililimu sitingalandiriremo akuchimuna. Kalipentala watchula njira ziwiri, kuchotsa makabati onse n'kuika atsopano, kapena kusiya mabokosi ake n'kusintha zitseko, nkhope za madirowa ndi zogwirira zokha. Ndikupempha maganizo anu tisanayambe kusonkha.

Mayi aakulu: Achimwene, kukhosi kwanga n'kwakuti zonse zichoke. Chitseko cha pansi pa sinki ndimachita kuchitsamiritsa ndi chigubu cha madzi kuti chisagwe, ndipo fungo la m'menemo limandichititsa manyazi pakabwera anthu.

Achimwene a ku Germiston: Amalume ndi Mayi, ndinapitako Loweruka nditanyamula sikuludiraiva, choncho ndiloleni ndifotokoze zimene ndinaona. Mabokosiwo ndi a chipboard ya mamilimita 16 yokutidwa ndi melamine, chikuto cholimba chonga pulasitiki. Chipboard ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu, ndipo ikamwa madzi imatupa osabwereranso ngakhale itauma, sikuluu nayonso siigwiranso. Bokosi la pansi pa sinki nditalibaya, chitsulo chinangolowa ngati ndikubaya chigumu, mphemvu n'kumwazikana. Limenelo lafa basi. Koma mabokosi 7 otsalawo ndinawagogoda limodzilimodzi, ndi ouma, ngodya zake n'zowongoka, ndipo kuwataya kungakhale kutaya ndalama chifukwa cha bokosi limodzi.

Mayi aang'ono: Mwanawe wayankhula zomveka, koma nkhawa yanga ndi yakuti tingaveke zitseko zokongola pa zinthu zotha, chaka chamawa n'kudzasonkhanso. Kodi zitseko zatsopanozo zidzalowa bwanji pa mabokosi akale?

Achimwene a ku Germiston: Mayi, mahinjesi a masiku ano amakhala m'bowo la mamilimita 35 kuseri kwa chitseko ndipo ali ndi masikuluu osunthira, motero chitseko chimawongoka ngakhale pa bokosi lakale. Chofunika ndi kuyeza chitseko chilichonse pachokha, chifukwa odula matabwa amadula zimene mwalemba, mukaphonya ndi zanu. Tikati tichotse zonse, matailosi a pakhoma akhoza kusweka, tidzaitana pulambala ndi wamagetsi wa sitovu, ndipo Mayi adzakhala masiku angapo akutsukira mbale m'bafa.

Mlamu: Ndiikepo mlomo pa mtundu wa zitseko. Kunyumba kumene timachita lendi anaika za SupaWood, thabwa la timaulusi ta mitengo topanikizidwa ndi guluu, zomatidwa pulasitiki pamwamba, zooneka bwino ndithu, koma choyandikana ndi uvuni chinayamba kusendeka m'mphepete chifukwa cha kutentha. Pa khitchini yophikiramo nsima tsiku ndi tsiku, ine ndingasankhe melamine yomatidwa bwino m'mbali.

Mayi aakulu: Nanga kabati ya m'bafa mwaisiya kuti? Miyendo yake inafufuma kale ndi madzi okolopera.

Achimwene a ku Germiston: Imeneyo ichoke yonse, Mayi, ndipo yatsopanoyo tiipachike kukhoma kuti isagunde pansi. Komanso pulambala ayambe ndiye, akonze paipi yodontha pansi pa sinki, apo ayi bokosi latsopano lidzatupa ngati linzake.

Amalume: Ndamva mbali zonse. Tisintha zitseko ndi zogwirira, tigula bokosi limodzi la sinki ndi kabati ya m'bafa. Kumbukirani kuti kuno amisiri ambiri amatseka pakati pa Disembala mpaka Januwale, choncho miyezo ipite kwa odula sabata ino. Mphwanga wa ku Germiston, utitumizire mitengo yolembedwa ya malo awiri pofika Lachinayi, kenako tigawane pabanja pabanja.

Mayi aakulu: Ndavomera, achimwene, koma mtundu wa zitseko ndisankha ndekha. Zoyera ayi, zimaonetsa zala za adzukulu.