Makanisita akuwerenga -26 kuno ku Kasungu, tiwabweze?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Tili ku Kasungu pamalo pomwe kale panali filing'i siteshoni, tikufuna kutenga mpweya wa m'nthaka pafupi ndi pomwe anakwirira matanki kuti akauyeze benzene, mankhwala oopsa opezeka mu petulo. Malangizo omwe tapatsidwa akuti kanisita (chibotolo chachitsulo chotengeramo mpweyawo) isanatsegulidwe, vacuum yake (kuchuluka kwa momwe inapopedwera mpweya m'kati) iziwerenga pafupifupi -30 inHg pa geji (inHg ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya). Athuwa, a malita 6, geji ikupereka -26. Abwana akuti alowa mpweya m'njira, tiwabweze.

A Banda: Onse ndi -26, kapena ena ali pa -26 ena pa -20?

Chisomo: Onse, bambo. Ndayesanso ndi geji ina, chimodzimodzi.

A Banda: Ndiye musabweze, achemwali. Makanisita akamalowa mpweya salowa mofanana ngati apangana. Geji yanuyo imayerekeza za m'kati mwa kanisita ndi mpweya wa pamene mwaimapo. Kasungu ili pamwamba, mamita opitirira 1,000, ndipo mamita 300 alionse amene mwakwera geji imachepa ndi pafupifupi 1 inHg. Kumeneko ngakhale kanisita ipopedwe bwanji, ithera pa -26 ndi pang'ono. Amene analemba -30 ankaganiza za malo otsika, a m'mbali mwa nyanja yamchere. Ku Mchinji mukanaona yocheperapo.

Nyirenda: A Banda anena zoona. Ine nkhawa yanga ili pa zolumikizira. Mukamanga flow controller (kachipangizo koyendetsa liwiro la mpweya wolowa mu kanisita) ndi matyubu, tsekani kumapeto, kokani vacuum, muyang'anitsitse singano kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikangosuntha, pali nati yomwe sinagwire. Musaimange ndi mphamvu zonse ayi, mungaononge ferrule, kamphete kotseka mpweya m'kati mwa natiyo. Ndipo helium, mpweya woyesera ngati pena pakudontha, muli naye? Popanda kuvundikira dzenje lomwe mwalowetsamo tyubu n'kuthiramo helium, simungadziwe ngati bentonite, dongo lomatira dzenjelo, wamata bwino kapena mukungokoka mpweya wa panja.

Chisomo: Helium tili naye. Flow controller anaitchera pa 150 mL pa mphindi.

Nyirenda: Ili bwino, bola isapyole 200.

Mayi Phiri: Funso langa ndi lakuti akupita labu ya kuti?

Chisomo: Ku Johannesburg, mayi. Akayeza potsatira njira yoyezera mpweya yotchedwa TO-15.

Mayi Phiri: Ndiye samalani potseka. Ambiri timatseka valavu pa -5 kuti a ku labu aone kuti kanisita sinalowe mpweya paulendo. Koma Johannesburg ili pamwamba kuposa Kasungu, cha m'ma 1,700. Yotsekedwa pa -5 kwanuko ikafika ikuwerenga cha pa -3, wina n'kuyamba kukayikira ntchito yanu. Ine ndingatseke pa -7, bola muwafunse kaye eni labuwo. Pa fomu lembani zonse: geji poyamba, geji potseka, nthawi, ndi kukwera kwa malowo. Zimenezi zimathetsa mikangano msanga kuposa foni.

A Banda: Nanga mvula yagwa liti kumeneko?

Chisomo: Dzulo madzulo, yamphamvu. M'dzenje limodzi tyubu ikutulutsa timadzi.

A Banda: Limenelo lisiyeni kaye. Dothi likakhuta madzi mpweya suyenda, zotsatira zimatuluka zotsika, ndipo madzi akalowa mu flow controller mwaipha. Dikirani masiku angapo kuume. Masiku 30 omwe TO-15 imalola kusunga sampulo isanayezedwe amayamba kuwerengedwa mukatenga sampulo, ndiye simukutaya kanthu.

Chisomo: Zikomo nonse. Ndawatumizira abwana uthenga wa a Banda, akuti galimoto ibwere Lolemba ngati sikugwanso ina.