Rolls-Royce ya matabwa: ndigule kapena ndiisiye?

Wofunsa: Akuluakulu, ndapeza Rolls-Royce 20/25 ya 1933 ku England. Bodi yake yoyamba anaichotsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha n'kuikapo ya matabwa, ija amati shooting brake. Mwini wake akuti £38,000. Ndilowe m'thumba?

Wolumidwa: Ine musandikumbutse. Ndinagulapo yotereyi pongoona zithunzi, vanishi ali waliwali. Itafika ndinakanikiza chitseko ndi chala, chala n'kulowa. Thabwa lonse lofumbwa m'kati! Wogulitsayo foni anathimitsa mpaka lero, ndipo kalipentala anandidya ndalama zoposa zomwe ndinagulira galimoto.

BwanaPhantom: Ndiye munagula nkhuni, achimwene. Ine yanga ndi Phantom II, injini ya malita 7.7. Ka 20/25 ndi ka malita 3.7, ankapangira anthu odziyendetsera okha, opanda dalaivala. £38,000 ndinaithera pa penti ndi mipando basi.

Wolumidwa: Anakufunsani ndani?

Sipanala: Musaope zoti bodi inasinthidwa. Nthawi imeneyo a Rolls-Royce ankagulitsa chasisi ndi injini, bodi n'kukapangitsa kwa amisiri ngati Hooper, Barker kapena Park Ward. Nkhondo itatha zitsulo zinasowa ku Britain, ndiye ambiri anathawira ku matabwa, makamaka a mtengo wa ash. Funsani kuti anapanga ndani, chifukwa zina zinakhomedwa ndi akatswiri, zina ndi munthu wongodziwa kugwira hamala. Pitani ndi sikuludalaivala, mukabaye m'malumikiziro ndi m'munsi mwa mawindo momwe mumakhala madzi. Nambala ya chasisi igwirizane ndi mapepala.

Kaumbombo: Mukuvutikiranji? Morris Minor Traveller nayo ndi ya matabwa, inapangidwa kuyambira 1953 mpaka 1971, ndipo ma sipeya ali mbwee. Ndalama imeneyo mugula zitatu.

BwanaPhantom: Akufunsa za Rolls, inu mukubweretsa wilibala.

Sipanala: Zitatu ayi, bambo. Yabwinobwino ndi yodula, ndipo nayo imawola.

Mtsatsi: £38,000 yachepa. 20/25 zinapangidwa 3,827 zokha, zamatabwa n'zowerengeka. Thamangani.

Wolumidwa: Yachepa bwanji? Yopanda bodi yake yoyamba imatsika mtengo. Kapena wogulitsayo ndinu?

Wofunsa: Zikomo nonse, koma mwandisokoneza mutu. Kunyumba mayi akuti imeneyo siilowa pageti, akuti ikuoneka ngati yonyamula maliro.

Kaumbombo: Aonetseni Morris.